Msinkhu wa Kamera

"Waya uyu ndi wa chiyani?" anafunsa a Pius, dzanja lili kale pa pulagi.

"Musazule, bambo aakulu," anatero Gertrude, akupalasa mateyala a chikuku chake kuti alowe m'chipindamo.

Bambo ake, a Andrea, anali ataikidwa Lachiwiri. Anali mphunzitsi wa masamu kufupi ndi Nguludi, ndipo nyumba ya sukuluyo inkayembekezera kale mphunzitsi wina. Ndiye a Pius, mkulu wa malemuwo, anabwera ndi lole kuchokera ku Ndunde n'kuyamba kugawa katundu: mipando ndi wailesi kwa iwo, mbale ndi mabulangete kwa a Bernadetta, mkazi wamasiyeyo. Chinatsala ndi kompyuta imene wansembe wina anasiyira a Andrea pobwerera kwawo mu 1991.

"Kumudzi kwa amayi ako kulibe magetsi," anatero a Pius. "Ku Limbe alipo anthu oifuna. Mukaisunga pansi pa bedi kuti makoswe aswerane?"

A Bernadetta anali pamphasa, nsalu yakuda kumutu. "Alamu, tengani zonse. Koma ichi chokha mufunseni mwanayu."

Gertrude anali ndi zaka khumi ndi zisanu, ndipo poliyo inamugwira asanaphunzire kuthamanga. Anayatsa kompyutayo. Pagalasi lakuda panatuluka mizere yobiriwira: nyumba, tchalitchi, msewu, ndipo kutali phiri la Chiradzulu, zonse ngati zopangidwa ndi waya.

"Ndi masewera," anatero. "Bambo anga ankapanga okha."

"Zidole zimenezi ndi zimene zinkamutsekera m'nyumba? Kumudzi osabwera, ngakhale denga la achemwali athu litagwa?"

Gertrude analoza pagalasipo. "Mkatimu muli kamera, koma siioneka. Ndiyo diso lanu. Mukadina batani ili mupita kutsogolo, ili mutembenuka. Tayesani."

A Pius anadina ndi chala chouma ndi khasu. Tchalitchi chinasuntha n'kupita kumanzere, msewu n'kubwera pamaso pawo. Anachotsa chalacho msanga.

"Poyamba sizinali chonchi," anapitiriza mtsikanayo. "Ukatembenuka, phiri linkagwa chadodolido. Atakonza zimenezo, ukadina kutsogolo unkapita cham'mbali ngati nkhanu, chifukwa kamera sinkayenda kumene yayang'ana. Anavutika nazo dzinja lonse. Kenako inkatembenuka mwaliwiro, ine n'kumamva chizungulire."

"Ndiye anatani?"

"Anandibereka. Panja apo. Ankazungulira pang'onopang'ono ine ndili kumsana, n'kumafunsa kuti, 'Apa bwanji, Getu? Phiri likuthamanga?' Ndikati apa zili bwino, ankabwera kudzasintha manambala. Ngakhale msinkhu wa kamerayi anachita kuyeza ndi tepi, kuchokera pansi kufika m'maso mwanga ndili kumsana kwawo. Ankati ndaonera malamba a anthu mokwanira."

"Apo n'kuti atayamba kale kutsokomola," anatero a Bernadetta osadzutsa mutu. "Ndinkawaletsa. Akamutsitsa ankatsamira khoma, thukuta lili kamukamu."

A Pius anayang'ananso pagalasipo. Anadinanso batani lija, n'kuyenda mumsewu wa mizerewo, kudutsa tchalitchi, mpaka patsinde pa phiri. Pamenepo kamera inaima. Anadina mwamphamvu, koma sinasunthe.

"Njira yokwerera sanamalize," anatero Gertrude.

Panja dalaivala anaimba hutala. A Pius anatuluka, ndipo Gertrude anamva akuuza munthuyo kuti atsitse wailesi ija m'lolemo, adikire kaye. Atabwerera anaima pakhomo kwa kanthawi, akupukusa chipewa m'manja.

"Mlamu, ndikapempha kumishoni aisunge pamene pali magetsi. Mwanayu azikaipeza kumeneko."

Kenako anavula jekete, n'kuikoleka pachitseko. Anagwada kutsogolo kwa chikuku, msana ataulozetsa kwa mtsikanayo.

"Kandisonyeze pamene ankaima."

Gertrude anayang'ana amayi ake, iwo anagwedeza mutu. Anakolowetsa manja m'khosi mwa a Pius. Malaya awo ankamveka fungo la utsi wa pasiwa.

Pabwalo, a Pius anaima pamene udzu unali utaperepeseka, n'kuyamba kutembenuka. Phiri lenileni linadutsa, kenako mabulugama, kenako denga la tchalitchi.

"Mukufulumira, bambo aakulu," ananong'ona.

A Pius anachepetsa liwiro.