Matimati a Laisoni

Ukwati wa Zakeyo unali pafupi kutha. Iye anali mkamwini m'mudzi wina kufupi ndi Golomoti, ndipo apongozi ake, a Nangondo, anali atauza kale ankhoswe kuti mwana wawo Fainesi anakwatiwa ndi mlesi, munthu wolawira tsiku lililonse n'kubwerako dzuwa litapendeka. Anati mvula isanagwe amange katundu.

Chonsecho Zakeyo ankalawirira kudimba kwake kutsidya kwa mtsinje wa Livulezi. Fainesi akanena zimenezi, mayi ake ankati chikondi chamutseka m'maso. Matimati amene mkamwiniyo ankabweretsa pakhomo ankati ndi opempha, ndipo kulawako kokha sankafuna.

Iwo zogula zawo zinali za pamsika basi. Kusitolo kwa Mmwenye sankapondako, ati chitini sungachifunse kumene chinalimidwa. Pamsika munthu umatsina, umanunkhiza, umanyoza katundu mwiniwake akumva, kenaka iye yemweyo n'kukuikira basela. Koposa zonse, ankatero, umaona manja a wolimayo.

Zakeyo nayenso ankagulitsa pamsika womwewo Loweruka lililonse, koma mwambo sulola mkamwini kuyang'anana ndi apongozi. Akangoona duku lawo likutulukira cha ku siteshoni ya sitima, ankathawira kuseri kwa mphasa zamalonda, dengu n'kulisiya ndi Laisoni, mbeta yogulitsa fodya. A Nangondo ataona manja a Laisoni akuda bii ndi fodyayo, anati mlimi ndi ameneyu. Anasanduka ogula ake osaphonya. Akafika kunyumba ankayala matimatiwo pakhonde n'kumauza nkhuku mokweza kuti kunjaku amuna olima alipo.

Loweruka lina Zakeyo ali kuseri kwa mphasa anamva zimene zinamulasa mtima. Apongozi ankauza Laisoni kuti Fainesi akhala mbeta posachedwa, ndiye akufuna akaone kaye dimba lake. Laisoni, amene khasu ankangolionera kwa anzake, anatuluka thukuta. Pofuna kudzipulumutsa anangoti mkuja.

Lolemba m'mawa Laisoni anawaolotsa mtsinje n'kupita nawo kudimba kwa Zakeyo. A Nangondo anayenda m'mizere ya matimati, mpiru ndi anyezi akuyamikira chilichonse. Atafunsa kumene kunali chitsime, Laisoni analoza kolakwika. Atafunsa za mbewu ina, iye anati ndi therere, pomwe inali mabilinganya. Pamenepo mayiwo anaima. Pa choopsezera mbalame panali chitenje chakale cha Fainesi, chimene anamugulira okha pa ukwati wake. Patsogolo pang'ono, pansi pa nthochi, panatulukira mapazi awiri odzaza matope, ndipo masamba a nthochiyo ankanjenjemera popanda mphepo.

Manyazi anawagwira a Nangondo. Anauza Laisoni kuti abwerere ku fodya wake, ndipo iye sanadikire kuuzidwa kawiri. Kenaka anafulatira mapazi aja mwaulemu, monga umafunira mwambo, nalankhula ndi nthochi.

"Nthochi iwe, ukawauze akamwini anga kuti asamange katundu. Ankhoswe ndikawauza ndekha."

Nthochi inawomba m'manja pang'onopang'ono.

"Ayi, zikomo amayi," inayankha, mawu ali ngati a munthu wolira. "Mawa ndituma Fainesi ndi dengu lodzaza."

"Dengu likhale," anatero a Nangondo akukonza duku. "Loweruka ndibwera ndekha kumsika, inu mukabisale monga mwa masiku onse. Zaulere za pakhomo sungazinyoze, ndiponso zilibe basela."