Makumba Opinimbira

"Mwapha ana a nsomba, alamu! Ndakuonani ndi maso angawa!"

A Chikoti anafuula akadali pamtumbira wa damu, jombo zikulira phwa! phwa! m'matope. Tabita sanathawe. Anavuula mono wake n'kuukhazika paudzu, chitenje chikudontha madzi. M'monomo munkaphiriphitha timakumba totalika ngati chala chapakati.

A Chikoti anali achimwene awo a Nowa, mwamuna wa Tabita, komanso ndiwo amene kalabu ya alimi a nsomba inawasankha kuti aziyang'anira damulo. Lamulo la kalabu mbali yonse ya Nsaru ankalidziwa: nsomba yosakwana chikhatho ndi mwana, ibwerere m'madzi. Wolakwa ankalandidwa mono n'kuchotsedwa m'gulu, tsiku lokolola azingoonerera anzake akugawana. Chonsecho damulo Tabita anakumba nawo, mpaka manja kuchita zikang'a.

"Ana ake ati?" anafunsa Tabita.

A Chikoti anatola kamodzi n'kukagoneka pachikhatho. Mchira sunafike n'komwe poyambira zala.

"Chikhatho chanucho ngati fosholo, ndi nsomba yanji ingakwanepo?"

"Musandiseweretse, alamu. Nkhaniyi ndi yaikulu."

"Ikuledi. Mbewu ya nsombazi tinathira muno ine ndili ndi pakati pa Anesi, eti? Lero Anesi akudziwa kulemba dzina lake. Ndiye nsomba zokhazi n'kukhalabe makanda? Zaswana mpaka kudzaza damu, madeya sakuzikwanira, zapinimbira basi. Zikukalamba zili choncho!"

Amayi amene ankathirira mpiru m'madimba anali atasiya makeni awo n'kuyandikira. Tabita magazi anamuwira. Anatsomphola kansombako n'kukafinya m'masaya. M'kamwa mwake munatuluka mazira achikasu, ngati timbewu ta mapira, n'kuyenderera pachala chake.

"Onani! Mwana amafungatira mazira m'kamwa? Uyu ndi ntchembere, mwina ali ndi zidzukulu!"

Anayembekezera kuti amayiwo amuvomereza. Koma mmodzi anangogwira pakamwa.

"Mayo ine! Ndiye wapha make ndi ana omwe!"

"Nsomba za chaka chamawa zimenezo," anathirirapo wina.

Tabita anakhala ngati wamenyedwa khofi. Umboni wake womwe unali utasanduka mlandu wachiwiri, woposa woyamba.

A Chikoti anayang'anitsitsa mazirawo nthawi yaitali. Sanali munthu wankhanza. M'mawa uliwonse ankabwera ndi madeya a pakhomo pawo, kumana nkhuku zawo zomwe, n'kumawaza m'madzi akuimba kanyimbo ka kutchalitchi, kudikira tsiku limene nsombazo zidzanenepe. Tabita anaona pankhope pawo kuti zimene wanenazo akhala akuziganiza kale.

A Chikoti anamuyandikira n'kutsitsa mawu. "Nowa wadya?"

"Chibwerereni kuchipatala ku Namitete, phala akungolavula. Dzulo ndiye anati, msuzi wa nsomba wokha mwina ndingameze."

A Chikoti anacheukira amayi aja, amene tsopano anali atatchera makutu. Pakati pawo panali mkazi wa a Cornelius, amene mwamuna wake analandidwa mono mwezi watha chifukwa cha tinsomba ngati timeneti. Mayiyo anapinda manja pachifuwa, osaphethira.

"Ndikakusiyani inu, anena kuti ndakondera pachibale," ananong'ona a Chikoti. Kenako anakweza mawu kuti onse amve: "Monowu ndatenga. Nkhani ikakambidwa kumsonkhano Loweruka."

Anawerama kuti aunyamule, koma Tabita anali ataugwira kale mbali inayo. Nsungwi zinalira, tinsomba tikudumphadumpha mkati.

"Loweruka? Mng'ono wanu adikire Loweruka?"

"Alamu, chonde, siyani. Anthu akuona."

"Aone! Inu amayi, nanunso musangondiyang'ana. Tonse tinasenza dothi pano, ana ali kumsana. Nsomba ikakhala yaing'ono mukuti ndi mwana, musaphe. Ikakhala ndi mazira mukuti ndi mayi, musaphe. Imafa yokha ndi ukalamba, akakowa n'kumadya, ife tikuyeza zikhatho!"

Mkazi wa a Cornelius anayang'ana pansi. A Chikoti sanausiye mono.

"Ndichotseni m'kalabumo ngati mukufuna," anatero Tabita, misozi ikulengeza. "Koma musanatenge monowu mundiuze pompano, pamaso pa anthuwa: m'damu monsemu, nsomba imene ndingaphikire m'bale wanu popanda mlandu ndi iti? Ndilozereni, alamu. Yankhani!"