Gitala ya Dzanja Lamanzere

Atangofunyulula bulangeti limene amuna ake anakulungamo thabwalo, Manzere anadziwa kuti zinthu zalakwika. Analitembenuza thabwalo patebulo la pakhonde, n'kulitembenuzanso, uku amuna ake ndi achimwene ake ataima pambali, manja kumbuyo, kudikira kuyamikiridwa ngati ana amene asesa pabwalo osatumidwa.

Thabwalo linali thupi la gitala yamagetsi imene Manzere ankadzipangira yekha. Ntchito yake yeniyeni inali ya uzamba pachipatala cha m'tauni, koma tsiku lopuma ankavala malaya akale a amuna ake n'kukhala pakhondepo ndi sowo, tchizulo ndi sandipepa. Thabwalo anali atalidula kale bwinobwino, ndi nsonga zake ziwiri zonga nyanga, yaitali pamwamba, yaifupi pansi. Anali atajambulanso ndi pensulo malo oyenera kugoba: polowa khosi la gitala, pokhala timaginito togwira mawu a nsambo, ndi pobisa mawaya. Kugobako ndiye kunkamuchedwetsa, chifukwa thabwa linali louma gwa pamene zida zake zinali zobuntha. Amuna ake, dalaivala wa basi wa mtima wabwino mopitirira muyeso, anaona matuza m'manja mwa mkazi wawo, chisoni n'kuwagwira. Ndiye dzulo lake, mkazi ali kuchipatala, anazembetsa thabwalo n'kupita nalo kwa alamu awo akalipentala, amene ali ndi makina ogobera.

Maenjewo anali okongola, zimenezo ngakhale mdani akanavomera. Osalala, m'mbali mowongoka, opanda ndi kachibanthu komwe. Koma anali kuseri kwa thabwa. Mizere ya pensulo ija inali chikhalire kumbali inayo.

"Achimwene, mwagoba mbali iti?"

Akalipentala anaseka, n'kukoka mpando kukhala. Anafotokoza mosafulumira, monga amachitira anthu amene akudziwa kuti achita zabwino, kuti asanayatse makina anayamba ayang'ana zithunzi za magitala pafoni, ndipo onse nyanga yaitali inali kumbali ina. Apa m'pamene anazindikira kuti mlongo wawo wajambula kolakwika, ndipo anangolitembenuza thabwalo mwakachetechete kuti asamuchititse manyazi.

"Ukanalira, mlongo wanga. Ikanatuluka gitala yoyang'ana kumbuyo."

"Yoyang'ana kumbuyo yomweyo ndi imene ndimafuna," anatero Manzere.

Amuna ake anangoti kukamwa yasa. Iwo ankadziwa bwino lomwe kuti mkazi wawo akupanga gitala ya munthu wamanzere, koma sanaganizeko zoti nkhaniyo n'njofunika kuitchula kwa mmisiri. Iwo ankaona ngati thabwa ndi thabwa basi.

Dzina lakuti Manzere silinali la ubatizo. Analipatsidwa ali kamwana, ataoneka kuti chilichonse amatola ndi dzanja lamanzere, ndipo linamukanirira mpaka imvi. Kunyumba kwawo zimenezi ankaziona ngati chilema chofunika kuwongola. Ntchito yowongolayo inapatsidwa kwa achimwene ake omwewa: pa chakudya ankakhala kumanzere kwake atagwira supuni, dzanjalo likangoti lisuzumire m'mbale, supuni inkagwa pa zala. Kusukulu aphunzitsi anapitiriza ndi rula. Anaphunziradi kulemba ndi dzanja lodyera, zilembo zake n'kumaoneka ngati papalasa nkhuku, anthu n'kumati mwana uyu ndi wosasamala. Ali mtsikana analowa gulu loimba la achinyamata, anamubwereka gitala, n'kumugwiritsa monga amagwirira anthu onse. Analimbana nayo nyengo yaitali, dzanja lokhwatcha nsambo likungotsalira m'mbuyo mwa ng'oma, mpaka mkulu wa gululo anamuuza pamaso pa anzake kuti manja ake ndi olemera, mphatso alibe, ndipo ndi bwino azingowomba m'manja. Anakhulupirira, ndipo chinthu chimenecho chinamuwawa kuposa supuni ndi rula.

Kuchipatala ndi kumene anayamba kukayika. M'chipinda chochilira, mwana akabwera movuta, palibe amene amakhala ndi mpata woyang'ana kuti mzamba watsogoza dzanja liti. Lamanzere linkangopita lokha, lopepuka, lodziwa njira. Ndiye funso linamera mumtima mwake ndipo silinkamupatsa mtendere: kodi olemera anali manja ake, kapena gitala ija ndi imene anamugwiritsa chozondoka? M'masitolo a m'tauni munalibe gitala ya wamanzere. Ogulitsa ankamuuza kuti angosinthanitsa nsambo, koma akayesa kuigwira choncho, timabatani tokwezera mawu tinkamukola pamkono, chingwe n'kumamubaya m'khwapa. Kunali ngati kuvala nsapato mosemphanitsa. N'chifukwa chake anaganiza zopanga yake, kuti yankho alimve yekha asanakalambe.

Zonsezi sanazifotokoze pakhonde paja. Anangonena kuti maenjewo ali kolakwika, ndipo pamene akalipentala anamva mawu akuti kolakwika, nkhope inasintha. Anakumbutsa kuti iwo akhala akugwira matabwa kuyambira mlongo wawoyo asanadziwe kumanga nsalu. Anati anasiya ntchito ya eni ake ili pakati kuti athandize m'bale wawo, ndipo m'malo mwa zikomo akulandira mlandu. Kenako anafika pamene ankafuna kufika.

"Ukalamba nazo zamanzere zakozi? Ndani anakuwongola iwe kuti lero uzilemba ngati munthu, uzipereka moni ngati munthu? Ntchito yatha iyi. Lowetsa khosi, manga nsambo, uziimba monga amaimbira anthu."

Amuna ake analowererapo ndi mawu awo ofewa aja. Anati bwanji imeneyi ithe choncho, popeza alamu avutika nayo, ndiye m'tsogolo muno adzapeza thabwa lina, mayi adzapange ya kumtima kwawo. Manzere anawayang'ana. Ankawakonda amuna akewo, koma m'tsogolo muno mwawo ankamudziwa bwino. Mmenemo ndi mmene munali denga la bafa limene linkadontha chaka ndi chaka.

Komabe mtima unagwedezeka, tisabise. Maenjewo anali abwino kuposa amene iye akanagoba ndi matuza ake. Ndiponso achimwene akewa, ndi supuni yawo yomweyo, ndi amene ankamubereka kumsana popita kusukulu mvula ikagwa, ndi amene anamenyana ndi anyamata omwe ankamuseka. Makolo anapita, abale ena anamwazikana, wotsala pafupi anali iwowa. Manzere ananyamula thabwalo n'kuligoneka pamimba monga mmene achimwene ake analigobera, kuti aone ngati angapirire. Mapewa ake anauma pomwepo. Dzanja lodyera linalendewera pamwamba pa thabwalo ngati mlendo wosadziwa pokhala, ndipo anamva manyazi akalekale aja akukwera kumaso. Analitembenuza, mizere ya pensulo n'kuyang'ana kunja, mapewa n'kutsika okha.

Anapempha amuna ake kuti akatenge mpando wothyoka umene unali kuseri kwa nyumba. Unali wa mtengo wakuda, wolimba. Anayeza dzenje la khosi, n'kuyeza thabwa lokhalira la mpandowo, n'kuyamba kucheka. Amuna awiriwo anangoyang'ana, osamvetsa, mpaka pamene Manzere anatsegula botolo la guluu.

"Ukufuna kutani?" anafunsa akalipentala.

"Ndikutseka maenjewa. Akauma ndigoba mbali yanga."

Akalipentala anadzuka. Ananena kuti chigamba pagitala ndi chinthu chochititsa manyazi, kuti anthu akadzamva zoti thabwalo linadutsa m'manja mwawo adzawaseka, kuti mkazi wamkulu ngati iye, mayi wa ana akuluakulu, sayenera kuchita liuma ngati kamwana. Manzere anangopitiriza kupala chigambacho ndi sandipepa, kuchiyesa padzenje, kuchipalanso. Ataona kuti mawu awo akungogwa pansi, anatulutsa omaliza.

"Ukatseka maenje angawo, usadzapondenso kwanga kudzapempha ngakhale msomali."

Mawuwo anamulasa, chifukwa ankadziwa kuti achimwene ake salankhula zongoopseza. Anapaka guluu m'dzenjemo ndi chala, n'kukhazika chigamba, n'kutola hamala ndi dzanja lamanzere. Akalipentala, ndi mkwiyo wawo wonsewo, sanathe kudziletsa. Dzanja lawo linatambasuka lokha kuti limulande hamalayo n'kumupatsira kudzanja linalo.

"Gwira bwino hamala, iwe."

"Ndagwira bwino, achimwene."

Anamenya, chigamba n'kulowa mpaka guluu anatuluka m'mbali. Akalipentala anatenga chipewa chawo n'kutsika pakhonde osatsanzika. Amuna ake anawathamangira mpaka pageti akupepesa, koma anabwerako okha, atagwa nkhope. Anaima pang'ono, kenako osauzidwa anagwira thabwalo mbali zonse ziwiri kuti lisagwedezeke pamene mkazi wawo ankacheka chigamba chachiwiri.

Ntchito imene makina anaigwira pakanthawi kochepa inamutengera Manzere nyengo yonse ya dzinja. Anaphunzira kunola zida pamwala, anadzicheka chala, anagoba dzenje lina mokhota pang'ono n'kulisiya choncho. Mawaya anawotcherera yekha, utsi wa mtovu ukumutsokomoletsa, ndipo ulendo woyamba analumikiza mosemphanitsa moti sipika inkangolira ngati njuchi. Anamasula, n'kuyambiranso. Amuna ake anati zigamba zakuda za kuseri zija angathe kuzibisa ndi penti, iye anangopaka vanishi woonekera. Nthawi yonseyi achimwene ake sanabwere, ndipo foni yawo inkangoitana osayankhidwa. Akamadutsa pafupi ndi shopu yawo pochokera kuntchito, Manzere ankamva makina aja akulira, mtima n'kumuwawa, koma miyendo sinkakhota.

Anaimaliza Loweruka lina masana, dzuwa likuswa mtengo. Anamanga nsambo, yaikulu pamwamba, n'kuzikunga mpaka zinagwirizana. Analowetsa chingwe m'kasipika kakang'ono kamene kanali pawindo, n'kukhala pampando, gitala pamwendo. Amuna ake anaima pakhomo la khitchini atagwira kapu ya madzi imene anaiwala kumwa. Manzere anachita mantha, mantha enieni, chifukwa tsopano panalibenso chonamizira. Zikakanika apa, ndiye kuti mkulu wa gulu uja ananena zoona, ndipo mchimwene wamutaya pachabe.

Zala za kumanja, zimene tsopano zinali ndi ntchito yodina nsambo pakhosi, zinali mbuli zenizeni. Zinkaponda polakwika, mawu ena n'kumatuluka ogonthoka. Koma dzanja lamanzere litangokhudza nsambo linayamba kuyenda lokha, kutsika, kukwera, kudumpha, kubwerera pa nthawi yake, osatsalira ngakhale pang'ono. Phazi lake linayamba kuponda pansi, dzanja n'kumalitsogolera. Anaimba kanyimbo kosavuta kamene kanamukanika ali mtsikana, ndipo kanayenda kuyambira poyamba mpaka pomaliza.

Anasiya, n'kugwira nsambo kuti zikhale chete. Ankayembekeza kuti adzasangalala, koma chimene chinabwera chinali mkwiyo, waukulu, wotentha, mpaka misozi inalengeza. Zaka zonsezo akuwombera anzake m'manja, mphatso ili m'dzanja limene ankalibisa pansi pa tebulo.

Amuna ake anatulutsa foni mwachimwemwe. Anati ajambule kanyimboko atumize kwa alamu, mwina akamva mtima utsika, abwere nkhani ithe. Anawonjezanso kuti mayi angathe kuikapo kamawu kamodzi kopepesa, kongofewetsa zinthu, popeza wamkulu ndi wamkulu.

Manzere anapukuta m'maso ndi mkono wa malaya.

"Ikani foniyo m'thumba, bambo. Ndapepesera dzanja limeneli moyo wanga wonse. Akafuna kumva, njira ya kuno akuidziwa."

Amuna ake anaibweza foniyo pang'onopang'ono. Manzere anapotokola kabatani kokwezera mawu mpaka kanafika pothera, n'kuyambiranso kanyimbo kaja.