Ulusi Wofiira pa Zipi

Mkulu anali atapisa dzanja m'sutikesi ya mng'ono wake pamene chitseko cha kubafa chinatseguka.

"Mukufuna chiyani, achemwali?"

Maliro a mayi awo anali atatha, ndipo mng'onoyo, yemwe ankagwira ntchito kunja, ankakwera ndege madzulo omwewo. Mkulu anasolola juzi yobiriwira ya malemu.

"Iyi. Wapempha ndani?"

"Ndimati ndikuuzeni."

"Undiuze uli m'mitambo? Juzi imeneyi ndachapa ndine, masanzi ndi mankhwala omwe. Iwe unkangoimba foni."

"Loko ndagulira akuba a ku bwalo la ndege, osadziwa kuti woyamba ali m'nyumba muno."

Mkulu anayang'ana kalokoko n'kutsonya. Zipi akuba amaiboola ndi cholembera, loko ili chikhomere. Mayi awo sankakhulupirira loko. Ulendo uliwonse ankadzitsekera kuchipinda ndi sutikesi ya mwana wawo wapamtimayo, n'kusoka zipi yonse ndi ulusi wofiira. Ankati wakuba ndi waulesi, sangalimbane ndi ulusi. Koma mkulu ankadziwa kuti ulusiwo unkatsekanso maso ake. Nsalu yabwino, makapu a alendo, zonse zinkauluka zitasokeredwa mkati. Iye wokhala pakhomo sanasokeredwepo kanthu.

"Inu munali nawo tsiku lililonse," mng'ono anatero motsitsa mawu. "Ine ndikafika n'kudula ulusi uja, basi, amayi atha."

"Ukanabwera kudzawasambitsa, ukanawakhuta."

Mkulu anafinyira juzi ija pachifuwa, ndipo chinachake chinamulasa chala. Kukolala kunali singano, pamalo pamene malemu ankakonda kuibaya, ulusi wofiira uli kale pabowo. Ndi manja onjenjemera aja, ndi maso osaona bwino aja, mayi anali atakonzekera ulendo uno.

"Ngakhale pomwalira," mkulu anatero. "Iwe basi."

Mng'ono anaika thaulo pabedi.

Mkulu anayamwa chala, anazula singano, n'kuponya juzi m'sutikesi.

"Khalira pamwambapa itsekeke. Singanoyi ndiye sukwera nayo."

Anasoka mothinana kuyambira kungodya, osadzutsa mutu. Atafika kumapeto anamanga mfundo, n'kuwerama kudula ulusi ndi mano monga ankachitira mwini singano, sizasi ili pomwepo pabedi.