Shawelo ya ku Wovwe

Kuluka wulu ku Karonga kumafuna munthu wouma mutu. Dzuwa limawotcha mpaka singano kumaterera m'manja ndi thukuta, koma Lachinayi lililonse amayi a gulu la zachifundo ankakhalabe pansi pa mtengo wa mango kuseri kwa tchalitchi, ena kuluka tizipewa ta makanda a amayi ovutika, ena kulumikiza zigamba za zitenje kuti zikhale zofunda. Poweruka aliyense ankatambasula pomwe wafika, Keziya mlembi wawo n'kujambula kuti aike pa Watsapu ya gulu.

Woluka bwino kuposa onse anali Khumbize, mphunzitsi wochokera ku Ntcheu, mkazi wa Ambokile wogulitsa mpunga. Zaka zinali zitapitapo ali pabanja, koma mwana ayi. Amayi ena ankaitanidwa ndi maina a ana awo, iye ankangomuti Madamu. Chinkhonde ankangomvako moni ndi "ndagha", zikomo wa kumeneko, choncho pomudya miseche sankavutika n'kudikira kuti achoke. Iye chomwe ankalakalaka chinali chimodzi, kuti abale a mwamuna wake adzamuone ngati munthu wa pakhomo.

Wapampando wa gululo anali Tusekile, mlongo wake wa Ambokile. Awiriwa anadana chifukwa cha kachipewa. Tsiku lina Khumbize anamasula kachipewa koluka Tusekile anthu akuona, amvekere apa mwalumpha, mutu wa mwana sungalowe. Ananena zoona, koma Tusekile anazisunga.

Ndiye Lachinayi lina Tusekile anakhala naye pafupi, nkhope ili mwee.

"Mulamu, ku Wovwe kuli mtsikana woyembekezera, dzina lake Ipyana. Ndi wovutika. Shawelo yake muluke ndinu, manja anu ndi abwino."

Kanali koyamba kumutchula kuti mulamu, ndipo Khumbize anakondwa ngati mwana. Gulu lonse linkadziwa kuti mimba ya Ipyana ndi ya Ambokile. Mpunga womwe bamboyo ankagonera ku Wovwe unali umenewo. Palibe anamuuza Khumbize, mwinanso chifukwa aliyense ankafuna kuona pothera pake.

Sabata yoyamba Khumbize anabweretsa m'mphepete mokha, moyera, mwa timaluwa ting'onoting'ono.

"Koma Madamu, mukuluka ngati ya mwana wanu," anatero Keziya akujambula.

Sabata yotsatira shawelo inkaphimba maondo ake. Ankaluka pa buleki kusukulu, ankaluka podikira mwamuna amene sankabwera. Kenako wulu unamuthera, ndipo wa sitolo anati katundu wa ku Tanzania achedwa. Khumbize sanafune kufika Lachinayi chimanjamanja. Anatsegula sutikesi natulutsa juzi yobiriwira imene analukira Ambokile kale, akugwira ntchito kuphiri kozizira kwa Kayelekera, nthawi imene ankamuimbirabe foni kungofuna kumva mawu ake. Anaimasula yonse, anachapa ulusiwo, naufukiza pa nthunzi kuti uwongoke. Zinamupweteka mtima, koma anadziuza kuti juzi yongokhala m'sutikesi ilibe ntchito.

Atafotokoza kugulu komwe wapeza wulu wobiriwirawo, Tusekile anaponya mawu m'Chinkhonde. Amayi anaseka mpaka ena kupukuta misozi ndi zitenje. Khumbize nayenso anaseka nawo, osadziwa chomwe akuseka.

"Akuti chiyani?"

"Akuti mwana azimva kufunda ngati wanyamulidwa ndi bambo ake," anayankha Keziya.

Mwana atabadwa, atatu anakwera minibasi: Tusekile, Keziya ndi Khumbize, shawelo ili m'jumbo pamiyendo pake. Lamulo la gulu linali loti amene waluka ndiye amakapereka yekha ndi kujambulitsa atanyamula khanda. Atatsika anadutsa m'mizere ya minda ya mpunga mpaka pa kanyumba ka malata atsopano. Pansi pa mtengo panali njinga yamoto ya Ambokile, ndipo Khumbize anaganiza kuti wabwera kudzagula mpunga. Kenako anaona apongozi ake ali pakhonde, khanda lili m'manja, akuliimbira. Ambokile anatuluka m'nyumbamo atavala vesiti ndi patapata, kapu ya tiyi ili m'dzanja.

Apa Khumbize sanafunenso womasulira. Manyazi anamugwira kuposa mkwiyo, pokumbukira momwe ankasekera nawo pansi pa mango paja.

Tusekile anamulanda jumbo natambasula shawelo. Ambokile anaiyang'anitsitsa, nakwinya nkhope.

"Imeneyi si juzi yanga ija? Bwanji osayamba wandifunsa?"

Apongozi anakulunga khandalo mu shawelo nalipereka kwa Khumbize, iye n'kulilandira poti manja anali atatambasuka kale. Linali lopepuka, lofunda, mphumi yake ya Ambokile yeniyeni. Ipyana anasuzumira pakhomo, kamtsikana koti kakanatha kukhala m'kalasi mwake, nati chapansipansi, "Ndagha, mama."

Pakona ya shawelo panali kansonga ka ulusi kolendewera, komwe Khumbize anaiwala kumanga pothamangira minibasi. Ankadziwa kuti atangokoka pamenepo, mzere wonse ungamasuke, ndi wotsatira womwe. Anakagwira. Khandalo linayasamula, ndipo zala za Khumbize zinamanga mfundo momwe zinazolowerera, nadula chotsalacho ndi mano.

"Madamu, yang'anani kuno. Mwetulirani pang'ono," anatero Keziya.

Asanafike n'kumsewu komwe, foni ya Khumbize inali ikulira m'chikwama, amayi a gulu akuyamikira chithunzi. Tusekile anamugwira paphewa.

"Lachinayi muyambe masokosi, mulamu. Mulukeko okulirapo, mapazi watengera bambo ake."