Mzere wa Lachisanu

Lolemba m'mawa, nthawi ili 6:25, bwana wa kampani ya mabasi a ana asukulu anasuzumira mu ofesi ya Dorene Kowalchuk n'kungoti, "Lero sitiyenda." Kunja kunali chisanu cha madigiri 38 pansi pa ziro, mphepo ikukokolola chipale m'misewu ya kummwera kwa Manitoba.

Ntchito ya Dorene inali kutumiza uthenga ku mafoni a makolo onse ana asanatuluke kukadikira basi. Mmodzi mwa anawo anali wake, Tamsin, wa zaka zisanu ndi zinayi, amene sabata imeneyo ankagona kufamu kwa bambo ake, Wendell, amene Dorene anasiyana naye banja. Kuchoka panyumba ya kufamuko kukafika pamsewu ndi theka la kilomita, ndipo mwanayo amanyamuka 6:45, adye asadye.

Dorene analowa mu kompyuta yaikulu ya kampani n'kulemba dzina la pulogalamu yotumiza mauthenga. Kompyuta inayankha kuti python, chida chimene pulogalamuyo imadalira, sikupezeka. Analemba ls kuti aone mafayilo. Lamulo limenelo silikupezeka. Analemba nano kuti atsegule fayilo. Silikupezekanso. Zinali ngati wadzuka n'kupeza m'khitchini mulibe mpeni, poto ngakhale supuni.

Anaimbira Gord Thiessen, mdala amene anakhazikitsa makina onsewo asanapume pantchito. Anayankha ali wefuwefu, fosholo ikumveka kukwecha pansi.

"A Gord, kompyuta yaiwala chilichonse."

"Kompyuta siiwala, mayi. Mwaigwira pati?"

"Sindinaigwire."

"Onse amatero. Ngakhale mdzukulu wanga, chokoleti chili kukamwa."

Dorene anatseka maso. Lachisanu madzulo, akuthamangira kukatenga mankhwala a mayi ake, anatsegula fayilo ya .profile, imene kompyuta imawerenga munthu akangolowa. Anali atatopa ndi kulemba njira yonse ya foda ya kampani tsiku ndi tsiku, ndiye anawonjezera mzere umodzi. Tsikulo zonse zinkayenda, chifukwa anali asanatuluke n'kulowanso.

"Ndinawonjezera foda yathu pa PATH," anatero.

"Kumapeto kwa mzerewo munasiyako PATH yakale?"

"Sindinasiyeko."

"Ndiye simunawonjezere, munafufuta. PATH ndi mndandanda wa malo amene kompyuta imakafunafunako malamulo. Inu mwaiuza kuti padziko pano pali kabati imodzi yokha."

"Ulaliki mundipatse mawa, bambo. Nthawi ili 6:37. Nditsegula bwanji fayilo pamene chotsegulira chomwecho chasowa?"

"Sichinasowe. Chiitaneni ndi adiresi yake yonse. Lembani /usr/bin/nano."

Analakwitsa kawiri polemba. Ndi dzanja linalo anatenga foni ya padesiki n'kuimbira Wendell. Inalira mpaka kuduka. Nthawi ngati imeneyo bamboyo amakhala ali m'khola akukama ng'ombe, foni ataisiya m'thumba la jekete, jeketelo pa msomali. Zaka khumi za banja lawo anakangana za msomali umenewo.

Fayilo inatseguka. Mzere uja unali pansi penipeni, waufupi, wooneka wosalakwa. Anaika timadontho tiwiri kumapeto kwake, n'kulemba $PATH, n'kusunga. Anayesanso pulogalamu ija. Sikupezeka.

"Yakanabe."

"Tulukani mulowenso. Fayiloyo imawerengedwa pakhomo pokha."

Anatuluka, analowanso. Mauthenga anayamba kupita, mayina a makolo akutsetsereka pagalasi. Nthawi inali 6:53.

"Zatheka?" anafunsa Gord.

"Zatheka mochedwa." Anadula osatsanzika.

Anaimbiranso Wendell kanayi. Kenaka anaimbira mayi Friesen, a famu yoyandikana ndi ya Wendell, amene anayankha chakudya chili m'kamwa.

"Pepani mayi, tulutsani galimoto. Tamsin ali pamsewu, basi sikubwera."

"Mayo ine. Ndikupita."

Dorene anakhala pansi foni ili m'manja. Bwana uja anadutsanso n'kumuonetsa chala chachikulu, poganiza kuti zonse zayenda bwino. Pa mndandanda panali mabanja ena khumi ndi anayi a kumafamu akutali, amene ana awo amanyamuka 6:50 isanakwane. Anawalemba papepala n'kuyamba kuwaimbira mmodzimmodzi. Atatu sanayankhe.

Foni yake inalira 7:14.

"Ndamupeza," anatero mayi Friesen. "Anabisala kuseri kwa bokosi la makalata. Masaya ayera mbuu, zala ziwiri akuti sakuzimva. Ndikupita naye kuchipatala. Lankhulani naye."

"Amayi," kanatero kamawu, mano akugundana, "basi yachedwa. Sindinabwerere kunyumba, paja munati ndisamaphonye."

"Ndamva, mwanangu. Ika manja m'khwapa, usawatikite. Ndikubwera."

Anavala jekete, n'kutenga makiyi ndi pepala la mabanja atatu aja. Analisiya padesiki pa bwana.

"Aimbireni awa mpaka ayankhe. Uthenga unachedwa ndi mphindi 28, ndipo wolakwa ndine. Zinazo tikambirana ndikabwera."