Jalmari Akhala pa Tebulo la Mkazi Wake

Mng'ono wanga Jalmari ndiye anaphunzitsa mkazi wake Annukka kusewera poka. Aliyense amene anamwapo naye mowa kuno ku Tampere amadziwa zimenezi, chifukwa sankatopa kuzinena. Kale iye ndi amene ankadyera makhadi a pa intaneti. Kenako masewera anasintha, kunabwera anthu owerengera chilichonse ndi makompyuta, Jalmari n'kuyamba kuluza mpaka anakalowa ntchito yoyendetsa basi. Mlamu wangayo, amene ankagulitsa mankhwala m'famase, anapitiriza kusewera, ndipo patapita zaka zingapo anasiya ntchito ija, makhadi n'kumawalipirira lendi.

Zimenezo Jalmari anazimeza. Chimene chinamuima pakhosi ndi Rasmus.

Rasmus anali katswiri wa poka wa ku Vaasa. Madzulo aliwonse ankaimbirana ndi Annukka pa kompyuta, n'kumaunika masewera a tsikulo. Anali asanaonanepo maso ndi maso, koma Jalmari akabwera ku ntchito ankapeza mawu a mwamuna ali tayale m'chipinda chake chochezera.

"Ilpo, ukudziwa zimene amakambirana?" anandifunsa tsiku lina tikumwa khofi kwanga. "Khadi lomaliza. Ola lathunthu! 'Apa ukanabetcha pang'ono, Annukka.' 'Eya, Rasmus, wanena zoona, Rasmus.' Ndiye kuseka. Choseketsa n'chiyani pa khadi lomaliza?"

"Mwina ndi nthabwala za anthu odziwa masamu, ife oyendetsa zinthu zamatayala sitingazimve."

"Usandiseke. Ine ndinamuphunzitsa kuti khadi lachisanu, lomalizalo, likagwa, iwe uli ndi makhadi apakatikati, khala phee, usadziputire mavuto. Uyu akumuuza kuti azibetcha ndithu, akame timadontho kwa amene ali ndi ofookerapo pang'ono. Ati kubetcha kopyapyala. Nanga wina akakukwezera ndalama? Wadziika wekha pamoto."

"Ndiye zikumuyendera?"

Ananyema pulla, banzi yathu yotsekemera ija, n'kumatafuna ngati yamulakwira. Zinkamuyendera Annukka, ndipo tonse tinkadziwa.

Lamlungu lina mu February anafika kwanga masana, adakali mu yunifolomu, chipale chofewa chili mbuu pamapewa. Ine ndinali ndi kaakaunti kanga pa kampani yomweyo imene Annukka ankasewerapo. Ndinkangoseweretsa timasenti pansi pa dzina la Mustamakkara, soseji yathu yakuda ija. Jalmari anati ndimubwereke.

"Yako ulibe?"

"Annukka amalidziwa dzina langa. Ndikungofuna ndimuonetse kanthu kamodzi."

Ndinamukaniza, koma osati mwamphamvu. Nanenso ndinkafuna kuona. Anaikamo ndalama zimene ankasunga zogulira matayala a galimoto, n'kufufuza mpaka anapeza tebulo limene Annukka anakhalapo, mpando umodzi uli wopanda munthu.

Anadikira nthawi yaitali, akutaya makhadi, khofi kuzizira. Kenako ena onse atataya makhadi awo, anatsala awiri okha, iye ndi mkazi wake. Jalmari anali ndi kwini ndi jeki. Pakati, pamene pamagwa makhadi ogwiritsa ntchito aliyense, panagwa mfumu, teni ndi folo. Ankangofunika eyisi kapena naini kuti makhadi ake atsatane bwino, koma khadi lachinayi linabwera thuu, lomaliza seveni. Analibe kanthu m'manja, ngakhale awiri ofanana.

Annukka anabetcha pang'ono.

"Waona! Waona!" Jalmari anaimirira, mpando n'kugwa. "Ndi yomweyo ya Rasmus. Ali ndi teni yekha, ndikulumbira. Akanakhala ndi mfumu akanabetcha zambiri. Ndimamudziwa mkazi wanga."

Anakankha ndalama zonse zimene zinatsala.

Kanyali kanthawi kanayamba kuthwanima pa dzina la Annukka. M'khitchini mwanga munangomveka firiji. Ndinaona milomo ya mng'ono wanga ikuyenda: taya, taya, taya. Nthawi itatsala pang'ono kutha, Annukka anataya makhadi ake. Jalmari anadina batani loonetsa ake kwa onse, kwini ndi jeki opanda pake aja, n'kuyamba kuvina ndi masokosi pakati pa khitchini.

"Tiye kwathu," anatero. "Ndikufuna ndimve zimene mphunzitsi wamkulu anene."

Tinafika kwawo ku Kaleva dzuwa likulowa. Annukka anandikupizira dzanja, n'kuloza supu ya nsomba pa chitofu. Anali atayamba kale kulankhula ndi Rasmus, mawu akutuluka pa sipika. Tinakhala m'khitchini, chitseko chili pululu, Jalmari atagwira supuni m'mwamba osaiviika.

"Pali kena kanandichitikira masana," anatero Annukka. "Ndinali ndi eyisi ndi teni. Taona."

Jalmari anandigunda ndi chigongono.

"Kubetcha kwako kuli bwino," anatero Rasmus. Mawu ake anali ofatsa, aulemu, okwiyitsa. "Ateni ofooka akulipira, manaini awiri akulipira. Ndipo utakwezeredwa unachita bwino kutaya. Anthu otere akakankha zonse pa khadi lomaliza, kawirikawiri amakhala ali ndi zenizeni."

"Koma uyu ananama, mpaka anaonetsa."

"Aonetse. Mawa uchite chimodzimodzi. Ndani kodi?"

"Sindikumudziwa, wina wake Mustamakkara. Mdala wa masewera akale, amene akuganiza kuti poka ndi kuopsezana. Ndamuika chizindikiro chobiriwira, cha anthu osavuta kuwadyera. Mulungu amusunge, abwerenso mawa."

Onse awiri anaseka.

Ndinayesa kugwira mkono wa Jalmari, koma anali atafika kale pakhomo.

"Mdalayo ndine! Ndine ndakutayitsa makhadi abwino! Uzani mphunzitsi wanuyo kuti masamu ake agonja kwa woyendetsa basi!"

Annukka anatembenuka pang'onopang'ono. Sanakwiye msanga, nkhope yake inangoyera.

"Rasmus, ndikuimbira nthawi ina," anatero, n'kudula. "Jalmari, akaunti ija ndi ya ndani?"

"Ya Ilpo."

"Ya Ilpo Rautio. Ine ndine Annukka Rautio. Anthu awiri a dzina limodzi, mzinda umodzi, tebulo limodzi, wina akutaya makhadi abwino kuti mnzake atenge ndalama. Ukuganiza kuti kampani iona chiyani pamenepo?"

"Palibe amene aone."

"Makompyuta awo sagona. Ndiwe amene unandiphunzitsa lamulo limeneli, tili m'kachipinda ka ku Hervanta." Kenako anandiyang'ana ine. "Nawenso, mlamu? Ndi imvi zakozo?"

Ndinayang'ana supu.

Tsiku lomwelo Annukka anadziulula yekha ku kampani, asanamupeze. A kampaniwo anatseka maakaunti onse awiri kuti afufuze. Yanga sanaitsegulenso, ndipo sindinadandaule. Ya Annukka anati idikire, osanena mpaka liti. Ntchito yake inaima ngati yodula ndi mpeni. Kwa masabata angapo m'nyumba muja simunamveke mawu a Rasmus, ndipo Jalmari, ngakhale ankayenda monyang'ama ndi kutsuka mbale zonse osauzidwa, ndinaona kuti mumtima ankamva kukoma. Ankaimba mluzu akukolopa.

Koma munthu wodyera makhadi sangakhale manja lende. Mu March kunali mpikisano wa poka wa pamaso ndi pamaso ku Tallinn, kutsidya kwa nyanja, wa sabata yathunthu, ndipo Annukka analembetsa.

"Rasmus akupitanso?" anafunsa Jalmari pa chakudya, ine ndilipo, akuyesa kulankhula ngati akufunsa za nyengo.

"Ndiye wandiuza za mpikisanowu."

"Simunaonanepo paja."

"Tionana tsopano. Sindikanapita n'komwe, ndimadana ndi maulendo. Koma pa intaneti wanditsekera ndiwe."

Jalmari anamunyamulira yekha chikwama mpaka ku siteshoni ya sitima, n'kumugulira masangweji a panjira. Sabata imeneyo anaonda. Ankabwera kwanga akaweruka, n'kumatsegula foni kufuna zithunzi za mpikisano, kumakulitsa nkhope za amuna onse okhala pafupi ndi mkazi wake.

"Ndi uyu, wandevuyu. Kapena uyu wa magalasi. Ilpo, munthu wa mawu aja angakhale ndi ndevu?"

"Muimbire mkazi wako umufunse."

"Kuti aziti ndili ndi nsanje?"

Annukka anabwera Lolemba, atafika patali ndithu mu mpikisano, maso akuwala ngati mtsikana. Anatibweretsera chokoleti, n'kutiuza kuti akaunti yake aitsegula, komanso kuti wakonda kusewera akuona anthu nkhope, moti mu May apitanso kwina. Ananena za tebulo lomaliza limene analiphonya pang'ono, za mayi wina wa ku Riga amene ankasewera akuluka juzi, za sitima ya pamadzi imene inamuchititsa nseru. Za Rasmus sanatchule.

Jalmari anapirira mpaka khofi wachiwiri.

"Nanga mnzako uja? Ndi wotani?"

"Rasmus? Munthu wabwino. Wamtali."

"Wamtali bwanji?"

"Wamtali basi."

"Kuposa ine?"

Annukka anamuyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi, mosafulumira, n'kutenga chokoleti china.

"Ilpo, uwonjezera khofi?" anatero.